Wakutsina Khutu: Chifundo ndi Choonadi pa Kuunika Mabuku

Miyezi ingapo yapitayo mnyamata wina wakwathu, amene amagwira ntchito yaulonda muno mu Johannesburg, adandipeza atanyamula kabuku ka ndakatulo za m'Chichewa zimene adalemba yekha. Kabukuko kadasindikizidwa ndi kagulu ka anthu ochepa amene amasonkherana ndalama pakutha pa mwezi kuti atulutse zolemba za anzawo. Adandipatsira ndi manja awiri, nati, "Bambo, mulembeko mawu pang'ono kuti anthu adziwe kuti ifenso tilipo." Usiku womwewo ndidakawerenga konse. Ndakatulo zitatu zidandigwira mtima, makamaka ina yonena za munthu wolondera nyumba ya eni ake pamene nyumba yake kumudzi ikudontha. Zotsalazo zidali zosapsa. Zambiri zidali malangizo wamba ongodulidwa m'mizere, ndipo zina zidali zobwereza zimene alakatuli a pa wailesi adanena kalekale.

Kuyambira tsiku limenelo funso limodzi lakhala likundisowetsa tulo. Kodi munthu wounika buku lotuluka m'manja mwa wosindikiza wamng'ono, woima payekha, amene wadzimana kuti bukulo lioneke, ali ndi ngongole kwa yani? Kwa mlembi ndi wosindikiza amene avutika, kapena kwa wowerenga amene adzataye ndalama ndi nthawi yake? Kodi chifundo chingamulole munthu kubisa choonadi? Funsoli ndi lakale, ndipo mzinda uno udalimbana nalo m'nthawi yoopsa kuposa yathuyi. N'chifukwa chake ndifuna tiyambe tabwerera m'mbuyo.

Mu 1972 anthu atatu, Peter Randall, Danie van Zyl ndi Beyers Naudé, adakhazikitsa kampani yosindikiza mabuku ya Ravan Press, imene dzina lake lidapangidwa ndi zilembo za maina awo. Idamera kuchokera ku ntchito za bungwe la Christian Institute, limene linkatsutsa ulamuliro watsankho. Mu 1974 idatulutsa Dusklands, buku loyamba la J.M. Coetzee, ndipo mu 1975 idatulutsa Muriel at Metropolitan la Miriam Tlali. Mu October 1977 boma lidatseka bungwe la Christian Institute, niliika Randall ndi Naudé pa chiletso, kotero kuti Randall sakadapitirizanso ntchito yosindikiza. Udindo udagwera Mike Kirkwood, ndipo mu 1978 kudabadwa magazini ya Staffrider. Dzinali lidatengedwa kwa anyamata amene ankakwera sitima za pamtunda chopachikika kunja kapena pa denga popita ndi pochokera m'tauni. Kope loyamba lenilenilo lidaletsedwa. Komabe magaziniyo inkayenda m'manja ndi m'manja m'makomboni a anthu akuda, ndipo m'zaka zoyambazo magulu a alembi a m'madera osiyanasiyana ankasankha okha zolemba zoti zisindikizidwe.

Ife Amalawi tili ndi gawo m'mbiri imeneyi. Mu 1984 Ravan Press idasindikiza O Earth, Wait for Me, buku la ndakatulo za Frank Chipasula, amene adali atachoka m'Malawi m'zaka za m'ma 1970. Chodabwitsa chake n'chachikulu. Boma la Dr Kamuzu Banda lidali litakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma latsankho mu 1967; John Vorster adacheza m'Malawi mu 1970, ndipo Dr Banda adabwezera ulendowo mu 1971. Pamene maboma awiriwo ankapatsana moni, mlakatuli amene ndakatulo zake wosindikiza aliyense ku Blantyre sakadayerekeza kuzikhudza adapeza pakamwa ku Braamfontein, mwa osindikiza amene nawonso apolisi ankawalondalonda. Kwa zaka zambiri Joni adali malo amene abambo athu ankapitako ndi Wenela kukakumba golide. Kachigawo aka kakutikumbutsa kuti mzinda womwewo udasungako mawu athu pamene kwathu adali oletsedwa.

Tsono tiyerekeze kuti munthu akukhala m'chaka cha 1980, ndipo wapatsidwa buku la Ravan kuti aliunike. Waliwerenga, napeza kuti nkhani yake n'njoona koma kalembedwe kake n'kofooka. Kodi anene? Pali zifukwa zitatu zolemera zimene zikadamuuza kuti atseke pakamwa, ndipo si bwino kuzipeputsa.

Choyamba n'chakuti wosindikiza wamng'ono alibe mafuta m'thupi. Kampani yaikulu ikaluza pa buku limodzi imabweza pa mabuku a sukulu. Wamng'ono akaluza kawiri, watseka. Mawu amodzi oipa m'nyuzipepala angathe kugwetsa nyumba imene idamangidwa ndi thukuta la zaka khumi, ndipo ikagwa, mabuku abwino amene akadabadwa m'tsogolo amafera limodzi ndi ofooka aja.

Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Pansi pa lamulo la zofalitsa la mu 1974, opima mabuku a boma la South Africa ankayang'ananso luso la kalembedwe. Peter McDonald, m'buku lake la The Literature Police la mu 2009, adaonetsa kuti ena mwa opimawo adali aphunzitsi a zolemba m'masukulu aukachenjede ndiponso alembi. Mabuku ena a Coetzee adawapima nawalola, mwa zina chifukwa adawaona kuti n'ngaluso ndipo owerenga ake adzakhala anthu ophunzira ochepa chabe. Koma Call Me Not a Man la Mtutuzeli Matshoba, limene Ravan idatulutsa mu 1979, lidaletsedwa, monganso Amandla la Tlali la mu 1980. Pamalo potere, kunena poyera kuti buku la mlembi wakuda lilibe luso kudali ngati kunolera mdani mpeni. Muyeso wa wounika ndi muyeso wa wopima udali kuyandikana moopsa.

Chachitatu tikuchidziwa bwino ife. Kwathu lamulo lopima mabuku ndi zisudzo lidakhazikitsidwa mu 1968. Alembi a gulu la Writers' Group, limene lidayamba ku Chancellor College mu 1970, adaphunzira kulankhula mophiphiritsa: bilimankhwe, Napolo, Kaphirintiwa. Wounika amene akadamasula chophiphiritsacho m'nyuzipepala, n'kunena kuti mkango wa m'ndakatulo iyi ndi uje, akadakhala kapirikoni. Buku la Jack Mapanje la Of Chameleons and Gods, la mu 1981, lidachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo mu 1985, ndipo mwini wake adamangidwa mu September 1987 nakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka mu May 1991 popanda kuimbidwa mlandu. M'masiku amenewo kukhala chete pa buku la mnzako kudali chikondi, mwinanso kupulumutsa moyo.

Ndikuvomereza zonsezi. Koma tiyenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya kukhala chete. Pali kukhala chete kobisa tanthauzo la ndakatulo kuti mlembi asagwidwe. Palinso kukhala chete kobisa kufooka kwa ndakatulo kuti mlembi asakhumudwe. Koyambako kumateteza moyo wa munthu kwa adani ake. Kwachiwiriko kumamuteteza munthu ku choonadi chimene chikadamukuza. Vuto lathu n'lakuti tidaphunzira mitundu iwiriyi nthawi imodzi, ndipo pamene chifukwa cha koyambako chidachepa mu 1994, chizolowezi cha kwachiwiriko chidatsala. Tidatuluka m'ndende titanyamula ulemu wa m'ndende.

Mbiri ya Ravan yomweyo ikutichenjezanso kuti kuima pawekha sikusandutsa munthu mngelo. Tlali adamaliza kulemba buku lake mu 1969, ndipo lidakanidwa kwa zaka zingapo. Ravan italilandira idalidula kwambiri ndi kulisintha dzina. Iye adalitcha Between Two Worlds, dzina limene lidabwerera pa chikuto patapita zaka zambiri. Mayiyu sadabise kudandaula kwake pa zimene zidachitikazo. Mu 1982 Jaki Seroke ndi Mothobi Mutloatse, amene adagwirapo ntchito ndi Ravan, adakhazikitsa Skotaville Publishers kuti anthu akuda akhale ndi nyumba yosindikiza yoyendetsa okha. Apa tikuona kuti wosindikiza wolimba mtima nayenso ali ndi mphamvu pa mlembi: amasankha, amadula, amatcha dzina, amagwira ndalama. Mphamvu iliyonse imene palibe woifunsa mafunso imayamba kuwola, ngakhale ikhale ya anthu abwino. Ngati ounika atagwirizana kuti wosindikiza wovutika sadzudzulidwa, woyamba kupwetekedwa ndi mlembi wosauka amene alibe kwina kopita.

Chitsanzo chimene chimandithandiza kwambiri ndi cha Njabulo Ndebele. Mu 1983 Ravan idatulutsa buku lake la Fools and Other Stories, limene lidapata mphotho ya Noma mu 1984. M'chaka chomwecho cha 1984, Staffrider idasindikiza nkhani yake yotchedwa Turkish Tales and Some Thoughts on South African Fiction. Poyamba idali ngati kauniuni wa nthano za mlembi wa ku Turkey, Yashar Kemal. Koma Ndebele adagwiritsa ntchito nthano za anthu a kumidzi ya kutaliyo ngati kalilole. Mfundo yake idali yakuti zolemba zambiri za anthu akuda a m'dziko muno zidangoima pa kuonetsa nkhanza zimene aliyense ankazidziwa kale, wapolisi woipa uku, wozunzidwa wosalakwa uku, osalowa m'kati mwa moyo wa munthu, ndi kuti zidaiwala luso lofotokoza nthano. Kalembedwe kamene ankakadzudzulako ndi kamene kadadzaza masamba a Staffrider. Adalankhula nkhondo isadathe, apolisi akadali pakhomo. Ndipo akonzi a magaziniyo adasindikiza.

Ena adamutsutsa, ndipo mtsutsowo udapitirira kwa zaka. Sikuti aliyense ayenera kuvomereza zonse zimene adanena. Alipo amene adaona kuti adapeputsa zolemba zimene zidachita ntchito yake pa nthawi yake. Chimene chili chofunika pa funso lathu ndi malo amene adaimapo polankhula. Adali mwana wa m'nyumbamo. Adali atasenzako denga lomwelo, ndipo buku lake lomwe lidali poyera kuti aliyense alipime ndi muyeso womwewo. Adalankhula ndi alembi anzake monga anthu amene angathe kuchita bwino koposa. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Mlendo wodutsa sakutsina khutu, amakuyamikira, namapita.

Apa ndipo pagona kusiyana kwa wopima mabuku ndi wounika mabuku, ngakhale onse awiri amawerenga kuti aweruze. Wopima amawerenga kuti nkhani ithe. Chigamulo chake chimaperekedwa m'chipinda, mwini buku palibe, ndipo chotsatira chake ndi chakuti anthu ena asaliwerenge. Wounika amawerenga kuti nkhani ipitirire. Amaika zifukwa zake pabwalo, amatchula tsamba ndi mzere, amasaina dzina lake, ndipo wina aliyense angathe kugula bukulo n'kumutsutsa. Wopima amaopa wowerenga; wounika amamukhulupirira. Kotero mantha akuti kudzudzula buku n'chimodzimodzi kuliletsa ali ndi maziko pokhapo pamene pali boma loyembekezera kutola mawu a wounika n'kuwasandutsa unyolo. Pamene palibe, kudzudzula ndi njira imodzi yolisungira buku moyo, pakuti buku limene anthu akukangana nalo silinafe.

Palinso mbali ina imene sitikonda kuiyang'ana. Chifundo chimene chimatiletsa kunena zoona nthawi zambiri chimabisa kunyoza. Tikawerenga buku lochokera ku London timalifunsa mafunso ovuta chifukwa timaliyesa buku lenileni. Tikawerenga la m'Chichewa timati, "Wayesetsa." Mawu amenewa timauza mwana amene wajambula ng'ombe ya miyendo itatu. Kuuza mlembi wamkulu kuti wayesetsa n'kumuuza kuti kwa iye, ndi ku chiyankhulo chake, sitiyembekezera zambiri. Chiyankhulo chimene chidabala Nthondo wa Samuel Josia Ntara mu 1933, ndi zolemba za E.J. Chadza, J.W. Gwengwe, Willie Zingani, Jolly Max Ntaba ndi Benedicto Wokomaatani Malunga, sichifunika kuchisisita ngati wodwala.

Koma taonani mmene mabuku athu amabadwira ndi kufera. Pamakhala mwambo wokhazikitsa buku. Mlendo wolemekezeka amagula kope limodzi pa mtengo waukulu, anthu naomba m'manja. Mawa lake nyuzipepala imalemba kuti wakutiwakuti watulutsa buku, ili ndi masamba akuti, likupezeka pakuti, ndipo mlembi wapempha achinyamata kuti azikonda kuwerenga. Imeneyi ndi nkhani ya buku, ndipo ili ndi ntchito yake. Wosindikiza wamng'ono amaifuna monga mmera ufunira mvula. Koma si kauniuni. Nkhani imanena kuti mwana wabadwa. Kauniuni amafunsa kuti mwanayo akukula bwanji. Ife tili ndi olengeza ambiri koma anamkungwi ochepa. Buku la m'Chichewa limene silidalowe pa mndandanda wa mabuku a mayeso a sukulu kawirikawiri limaikidwa m'manda tsiku lomwelo la chikondwerero chake. Ndipo zounika zozama zimene zilipo, monga Trends in Malawian Literature la Francis Moto la mu 2001, zambiri zidalembedwa m'Chingerezi. Zotsatira zake n'zakuti timakambirana za mlembi wa Chichewa m'chipinda chimene owerenga ake ambiri sangalowemo. Ife a m'masukulu aukachenjede tili ndi mlandu pamenepa.

Nanga chifukwa choyamba chija, chakuti mawu oipa angagwetse nyumba? Mathero a Ravan akutiphunzitsa kanthu. Kampaniyi idapirira ziletso, kulandidwa mabuku ndi kuopsezedwa. Idapiriranso kudzudzula kwa Ndebele ndi kudandaula kwa Tlali. Idafooka ufulu utayandikira ndi utafika, pamene thandizo la ndalama lochokera kunja lidatembenukira kwina ndipo msika udasintha. Pomaliza idamezedwa ndi kampani yaikulu ya Macmillan. Staffrider nayo idaleka kutuluka m'zaka za m'ma 1990. Sidaphedwe ndi wounika. Chimene chimapha wosindikiza wamng'ono ndi kusowa kwa owerenga, ndipo owerenga amasowa pamene sakhulupiriranso zimene akuuzidwa. Munthu akagula mabuku atatu amene onse adatamandidwa kuti n'ngapamwamba, napeza kuti awiri ndi madeya, lachinayi sagula ngakhale likhale ufa woyera. Kutamanda kopanda tsankho kuli ngati ndalama zosindikizidwa mopitirira muyeso: aliyense ali nazo, koma sizigula kanthu. Osindikiza oima paokha amene adadza pambuyo mumzinda uno, monga Jacana Media mu 2002 ndi BlackBird Books mu 2015, adabadwira m'dziko limene mdani salinso wapolisi koma mphwayi. Kukhazikitsidwa kwa magazini ya The Johannesburg Review of Books mu 2017 kudaonetsa kuti alipo amene adazindikira kuti mabuku amafuna bwalo lokambirana.

Sindikunena kuti wounika akhale wankhanza. Alipo amene amaunika buku la mnzawo kuti adzionetse okha kuphunzira, ndipo kukalipa kwawo n'kwaulesi monga kutamanda kwa enawo. Pa mwambo wathu nkhoswe sapita ku banja la mphwake kukaligwetsa, komanso sapita kukanama. Amamva mbali zonse, amanena cholakwa mwachindunji, ndipo amabweranso mawa chifukwa banjalo n'lakenso. Wounika wotere ali ndi maudindo amene ndingawatchule mwachidule. Awerenge buku lonse, kawiri ngati n'kotheka. Alipime ndi zimene mlembi adafuna kuchita, asanalipime ndi zimene iye akadakonda. Asiyanitse zolakwa za umphawi ndi zolakwa za ulesi: pepala losalimba ndi chikuto chosaoneka bwino n'za umphawi, ndipo kuziseka n'kupanda khalidwe, koma ndakatulo yosaganiziridwa bwino siifuna ndalama kuti ikonzedwe. Atchule chabwino mwatsatanetsatane monga atchulira choipa, pakuti mlembi amene sadziwa pamene adakhoza sangabwerezenso. Ndipo ngati pali ubale kapena phindu pakati pa iye ndi wosindikiza, anene poyera.

Funso lakuti ngongole ili kwa yani tsopano likuoneka mwina. Tidaliyamba ngati kusankha pakati pa mlembi ndi wowerenga, pakati pa chifundo ndi choonadi. Koma mlembi nayenso ndi wowerenga woyamba wa kauniuniyo, ndipo chimene akusowa kwenikweni ndi munthu amene wamuwerenga mofatsa. Pali malo amodzi okha pamene chifundo chiyenera kugonjetsa choonadi, ndipo ndi pamene choonadicho chingaperekeze munthu ku ndende kapena ku imfa. Malo otere akadalipo pa dziko lapansi, ndipo wounika ayenera kukhala ndi maso owazindikira. Koma kukhumudwa kwa mlembi si ndende, ndipo kuchepa kwa malonda a mwezi umodzi si imfa.

Mnyamata uja ndidamuitana tisanasindikize kanthu. Tidakhala pansi, kabuku kali pakati pathu, ndipo ndidamuonetsa ndakatulo zitatu zija ndi chifukwa chake zili zamoyo: m'menemo adalemba zimene maso ake adaona, geti lachitsulo, galu wa bwana wodya bwino kuposa mlonda, foni yolira pakati pa usiku kuchokera kumudzi. Kenaka ndidamuonetsa zinazo, mmene adasiya maso ake nabwereka pakamwa pa anthu ena. Sadakondwe. Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Ndiye mukalemba zomwezi, bambo?" Ndidati inde, ndipo ndidzalembanso kuti anthu agule bukulo chifukwa cha ndakatulo zitatuzo, pakuti mabuku ambiri alibe ngakhale imodzi. Adanyamuka osatsazika bwino.

Sindidziwa ngati adzandipatsenso buku lake lachiwiri. Mwina ndidataya mnzanga, ndipo sindinganame kuti zimenezi sizindipweteka. Koma ndikakumbukira akonzi a ku Braamfontein aja, amene mu 1984 adalola kuti masamba awo omwe anyamule mawu owadzudzula pamene adali ndi zifukwa zonse zokanira, ndimaona kuti ife amene tikulemba popanda wapolisi pakhomo tilibe pothawira. Kabuku kaja kali pa tebulo langa, ndipo ndakatulo ya mlonda ndaiwerenganso kangapo.